Mkazi Mnzanga wa Zipinda Ziwiri

Usiku wathawu ndinalota maloto oti mutakawauza abusa akhoza kukusanjikani manja, ndiye khalani pansi a Nagama, nanunso a Nasibeko, mumve chimene ndakudutsirani pa kiyosiki ya madzi m'mawa uja osapereka moni, silipasi ina kuphazi ina m'manja. Kachitsulo ndamanga pa nsonga ya chitenjeka musakagwire, manja anu ndi onyowa.

Koma muyambe mwamva za dzulo masana, chifukwa malotowa anachokera kumeneko.

Amuna anga a Gerevazio mukuwadziwa, ojambula mavidiyo aja. Chilobwe yense uyu palibe anakwatiwa kapena kuikidwa m'manda osadutsa pa kamera yawo. Nanga ine mkazi wawo? Gudubuzani nyumba yonse, simupeza chithunzi choti tili awiri. Akabwera ku ntchito, moni wa pakhomo, kenako kuchipinda kukakhala ndi kompyuta. Ine ndinkangoitcha mkazi mnzanga. Inali ndi kansalu kakekake kofewa koipukutira fumbi, ine nkhope ikupsa ndi mafuta a mandasi. Ndiye adokotala atawauza kuti magazi akuthamanga kwambiri, mubwere Loweruka, iwo Loweruka lomwelo anakwera basi wa ku Thyolo kukajambula ukwati wa anthu osawadziwa n'komwe. Anagwa akujambula keke. Kamera sinasweke, a Nagama, anagwa ataikumbatira. Ine ndinalandira mtembo, ndipo pa maliro awo panalibe wojambula ngakhale mmodzi.

Kamerayo alamu anga a Biziwiki anatenga kale, pamodzi ndi jekete. Tsopano akufuna kompyuta, koma akuti ikonzedwe kaye chifukwa inasiya kuonetsa zithunzi. Ndiye dzulo ndinaisenza kupita nayo ku Limbe kwa a Kamowa okonza makompyuta. Atayatsa, pagalasi panangoti bii, pakona pali tizilembo toyera ndi kamzere kakuphethira.

A Kamowa akuti, "Mayi, khomo lakutsogolo lafa, mausi, kolozera kachingwe kaja, sakugwira. Koma kuli lakuseri. Kumeneko sitiloza ndi chala, timalemba. Mumakinamu muli zipinda ziwiri, ife timati madilaivi. C ndi mogona makinawo. D ndi mmene malemu ankasunga ntchito zawo."

Anandionetsa. Ukalemba D ndi timadontho tiwiri tosanjikizana, wafika kwa D. Ukalemba dir, zonse zili m'menemo zimatchula mayina. Ukalemba cd ndi dzina, walowa. Ukalemba cd ndi timadontho tiwiri togundizana, watuluka. Ine ndinalekera Sitandade 6, koma maso ndili nawo.

Akuti, "D ndi kachitsulo kapadera. Ndikhoza kukamasula mupite nako, alamu anuwo atenge makina okha."

Ine ndinati, "Pukutani zonse."

"Mayi, kupukuta kwa kuno sikubwezeka. Ndikalemba format D: makina afunsa kamodzi kokha, Y kapena N. Ndikadina Y, zapita. Bwanji muonemo kaye?"

"Ndione chiyani? Akwati a eni ake? Pukutani, nayenso mkazi mnzangayo amve mmene kutsala wopanda kanthu kumawawira."

Pomwepo magetsi anathima. A Kamowa anati apukuta m'mawa akangotsegula shopu. Ine ndinabwerako, ndinadya, ndinagona mtima uli gwa.

Ndiye ndinalota ndili pamsewu wathu womwewu wopita kumsika, beseni la mandasi pamutu, koma kulibe nyumba, kulibe mitengo, mdima wokhawokha ngati wa pagalasi paja. Kutsogolo kwaima C wamtali ngati chitseko cha tchalitchi, pambali pake kamzere kaja kakuphethira, katakula kufika m'chiuno mwanga.

Kakuti, "Lembani."

Ine ndinati, "Kwanu sanakuphunzitse moni?"

"Lembani."

"Ndikufunsa njira ya kwa D."

"Za pakamwa kuno sitimva. Lembani."

Ndisanakatukwane, mwadzidzidzi ndinamva nyimbo ya maliro, ndiye ndikuona zilembo zikubwera pamzere zitavala zitenje za mpingo, zanyamula katoni ya nsapato, chingwe chikukhwekhwerezeka pambuyo. Chilembo china chinandigwira dzanja chikulira, chikuti, "Atisiya a mausi, mayi. Ntchito yonse yatsalira ife." Ndinayang'ana uku ndi uku, palibe wojambula. Mtima unandiwawa, a Nasibeko, ngakhale anali maliro a chinthu cha pulasitiki. Ndinati pepani, ndiye ndinatula beseni kuti ndipepese bwino, ndikuona mandasi anga onse ali ndi zilembo pamsana, akutuluka utsi ngati ndangowavuula kumene.

Kamzere kakuti, "Si izo zolembera."

Ndinadina ndasi la D, chala n'kupsa. Zii. Kenako mawu anachokera kumwamba ngati a pa chimkuzamawu cha kudepoti: "Zimenezo sitizidziwa kuno."

"Simudziwa D? Ndinu ophunzira inu?"

"Timadontho."

Ndinali nditaiwala timadontho tiwiri tija. Ndinafufuza m'beseni, mulibe. Ndinamasula nsonga ya chitenje, ndikupeza mabatani awiri a malaya oyera a Gerevazio, aja anathothoka chaka chatha. Anandipempa kangapo kuti ndisokerere, ine n'kumati akakusokerereni mkazi mnzanga. Ndiye ndinawasanjikiza pambali pa D, mwadzidzidzi pansi panatseguka ngati chivindikiro cha poto ndipo ndinagwera pa benchi ya mu ofesi.

Kuseri kwa tebulo kwakhala bwana wonenepa khosi, wavala jekete. Sanandiyang'ane n'komwe.

"Chilolezo mulibe."

"Chilolezo cha chiyani?"

"Cholowera kwa D. Kuno amalowa mwini wake yekha. Inu ndinu ndani?"

"Ndine Nangondo, mkazi wa mwini wakeyo."

"Mkazi tili naye kale, ndi wamagetsi. Inu kuno mumadziwika ngati mlendo."

Anamenya chidindo patebulo, ndiye akamenya khosi likutalika, akamenyanso pamphuno patuluka chinyama chofiira cholendewera, mwadzidzidzi kumbuyo nthenga zinangoti tambasu, bwana uja ndi nkhukundembo. Koma jekete sanavule. Nditaliyang'anitsitsa, ndi jekete la amuna anga, ndipo mawu ndi a alamu anga a Biziwiki.

Ikuti, "Mlamu, katundu wa mwamuna ndi wa kuchimuna. Inu zamakinazi mungazidziwe? Musavutike nazo, gulu-gulu-gulu."

Ine nkhuku ndakhala ndikupha kuyambira ndili mtsikana. Ndinaigwira pakhosi, mapiko n'kuponda ndi phazi.

"Pamene achimwene anu ankabwera ndi malungo ku maukwati a m'mvula, ankawafunditsa ndani? Masokosi awo ankachapa ndani? Inu munabwera ndi wilibala mtembo usanazizire. Mwini wake ndani?"

"Ndinu, mlamu."

"Sindikumva."

"Mwaloledwa! Mwaloledwa!"

Ndinaitaya uko, ndiye makoma a ofesi anagwa ngati makatoni, kamzere kaja kali pambali panga kakuphethirabe, beseni lili pamapazi. Ndinadina d, i, r, zala zikupsa. Mwadzidzidzi nyumba zinayamba kumera mumdima ngati bowa, kundandalika mbali zonse za msewu, iliyonse ikufuula dzina lake ngati ana a sukulu. "Ukwati wa ku Bangwe!" "Chinkhoswe cha ku Lunzu!" "Maliro a asisitere!" "Ukwati wa ku Bangwe, wachiwiri, mkwati yemweyo!" Mpaka kumapeto kwenikweni kanyumba kena kanalankhula motsitsa: "Ukwati wa ku Thyolo."

Ndinati ameneyo ndiye ndikumufuna. Ndinalemba cd ndi dzina lake, ndiye ndili mu holo, anthu akuvina, mkwatibwi akumwetulira mpaka masaya akunjenjemera, patebulo pali keke yosanjikiza katatu. Kekeyo inatsokomola.

"Mayi, ndine amene anandiyang'ana komaliza. Ananena kuti ndine wokongola."

Ndinaiwomba khofi. Musaseke a Nagama, dzanja lonse linalowa mpaka m'chigongono. Koma anthu aja sanakwiye ayi, onse akungondiyang'ana, akumwetulira, kukonza makolala, amayi kukweza ana kuti ndiwaone. Ndinadabwa, kenako ndinazindikira kuti ndaima pamene pamaima wojambula.

Ndiye kumbuyo kwa khutu langa munthu anakonza kukhosi. Kukonza kuja ankachita a Gerevazio asanalankhule, ngati njinga yamoto yokana kulira.

"Mayi a diresi yobiriwira, sunthirani kumanzere pang'ono. Eya. Pomwepo."

Ndinatembenuka, palibe munthu. Mawu ali kumbuyo kwanganso: "Ana inu, musadutse kutsogolo." Ndinatembenukanso, ndinazungulira ngati galu wofuna mchira wake, iwo ali kumbuyo basi. Ndinakuwa, "A Gerevazio, tulukani ndikuoneni! Kuchipatala munakana, kuno mukubisalanso?" Iwo akungoti, "Akwati yandikanani, simuli pa mlandu."

Ndinalephera kupirira. Ndinatenga mabatani a malaya aja, ndinawagundiza pambali pa cd, ndiye holo inandilavula kunja. Mwadzidzidzi ndikuona pamphasa pakhala munthu wamkazi, wavala zakuda ngati ine, mutu wake ndi galasi la kompyuta, akupuma movutika, fuu, fuu, ngati mmene inkachitira ikatentha.

Akuti, "Mwafika, akulu?"

"Usanditche akulu ako. Ndinakupeza pa chinkhoswe chiti?"

"Khalani pansi, akulu. Nanenso ndafedwa. Chimwalirireni palibe wandipukuta fumbi."

"Mawa akupukuta zenizeni."

"Ndamva. Ine sindikana, ndatopa. Koma ndifunseko. Mumati ankakhala ndi ine mpaka tambala. Eya, ankakhala. Koma munalowako n'kuona chimene ankayang'ana?"

"Ndikanalowa bwanji, chitseko chili chotseka?"

"Chinalibe loko. Inu munkangomenya ndi chigongono podutsa."

Zoona, ndinkamenya. Ndiye iye analoza kuseri kwa nyumba zija. "Kuli ina yobisika, siyankha mukaitana wamba. Lembaninso dir, muwonjezere kamtengo kopendekeka ndi chilembo cha a."

Kamtengo kopendekeka ndinakapeza kuti? Ndinathyola kamodzi ku tsache langa, limene sindikudziwa kuti linafika bwanji m'manja mwanga. Ndinalemba. Mwadzidzidzi kunacha. Osati kucha kwa maloto, kucha kwenikweni kwa pakhomo panga, mpanda wathu wa malata, chingwe choyanikira zovala, utsi wa mbaula ya kwa a Nasibeko ukudutsa pamwamba. Ndiye pabwalo pali mayi wawerama akusesa, wandipatsa msana. Pambali pake wina, wowonda, mwana kumbuyo, akusesanso. Wina wonenepa, wavala duku lija ndinataya ku chigayo. Wina ali ndi pakati. Wina imvi zayamba. Bwalo lonse ladzaza amayi osesa, ndipo onsewo ndine.

Kumbuyo kwanga kukhosi kuja kunakonzedwanso.

"Ndikungoyesa kamera, mayi a nyumba."

Amayi onse aja anatembenuka nthawi imodzi, matsache m'mwamba: "Chotsani chinthu chanucho! Ndisanasambe n'komwe! Kayeseni pa akwati anuwo!"

Ndiye kuseka. A Nagama, kuseka kuja kwa a Gerevazio kotulukira m'mphuno, mpaka bwalo lonse kugwedezeka chifukwa kamera ikugwedezeka m'manja mwawo.

Apa ndiye mundimvetse, chifukwa izi si za maloto zokha. Zinkachitikadi. M'mawa uliwonse wopita ku ntchito ankatuluka pakhonde kuyesa kamera ngati batire ili bwino, ngati mawu akulowa. Ankaloza pa ine, ine n'kuwakalipira, iwo n'kuseka, n'kunyamula chikwama. Ndinali nditaiwaliratu. Ndinkangoti ndi chipongwe chawo cha m'mawa.

Ndinafunsa mkazi mnzanga, "Zimenezi sankapereka kwa eni ukwati?"

"Ankadula kaye. Ndani angalipire vidiyo yoyamba ndi inu mukutukwana?"

"Zodulazo ankataya?"

"Akulu, munthu wosunga mabatire akutha m'chitini cha mkaka, munamuonapo akutaya kanthu?"

Ndinafuna kukhala pansi pomwepo ndilire bwinobwino, kulira kumene sindinalire pa maliro chifukwa ndinali wotanganidwa ndi kukwiya. Koma mwadzidzidzi belu linalira, ndiye pachipata palowa a Kamowa atavala chikhoti choyera ngati oyendera zaumoyo, anyamula mopu ndi ndowa.

"Tabwera kudzapukuta, mayi."

"Dikirani kaye!"

"Munalamula nokha. Ife timachita zimene tauzidwa, sitifunsa kuti mtima unali bwanji."

Akulankhula choncho maso awo anatuluka, lina kuyang'ana kwa ine lina ku phiri la Soche, khungu n'kusanduka lobiriwira, mchira n'kupindika, ndi nanzikambe. Anakwera pa beseni langa n'kuyamba kudina mandasi. Mwendo kutsogolo, kubweza, kutsogolonso. f. Kupuma. o. Kupuma. Ine ndikuthamanga kuti ndikawagwire, koma mukudziwa kuthamanga kwa m'maloto, miyendo ngati ili m'phala, nanzikambe akundiposa liwiro. r, m, a, t. Akadina chilembo, nyumba imodzi ya ukwati ikuzima. D. Kenako anatambasula lilime n'kunditsomphola mabatani a malaya aja m'manja, n'kuwasanjikiza.

Kumwamba konse kunalembedwa zilembo ziwiri zazikulu, Y ndi N, ndipo kamzere kaja kanaima pakati, koyamba kulankhula mwaulemu: "Mayi, tikufunsa kamodzi kokha."

Amayi osesa aja onse anaima, akundiyang'ana. Kuseka kuja kunasiya. Ndinangomva kupuma kumbuyo kwa khutu.

Ndiye nkhukundembo ija yatulukira, jekete likukhwekhwereza pansi, ikuthamangira ndasi la Y mlomo uli patsogolo. "Mlamu anati zonse! Tonse tinamva! Gulu-gulu!" Ndinaiponya tsache, inagwa chagada, ndinafika pa beseni, ndikufufuza N. Palibe. Ndinakhuthula mandasi onse pansi. Palibe. Nditakweza maso, ndikuona inu a Nasibeko, mwakhala pa chidebe, mukutafuna.

Musakane, munali inuyo, ndi duku lomweli. Ndinati, "A Nasibeko, mwadya chiyani?" Inu mukuti, "Linali lopsereza, ndimati simugulitsa."

Nkhukundembo yadzuka. Nanzikambe wakweza mwendo pamwamba pa Y, ukunjenjemera, kutsogolo, kubweza. Mkazi mnzanga akuti, "Akulu, ine ndilibe manja." Ndiye ndinagwada pabwalo langa lomwe, pa dothi losesedwa bwino ndi amayi onse aja, ndinalemba ndi chala chopsa chija N wamkulu, mmene anandiphunzitsira aphunzitsi a Sitandade 1, mzere, kutsetsereka, mzere.

Kamzere kakuti, "Talandira. Koma sizinalowe. Dinani batani lalikulu."

"Lili kuti?"

"Kumbuyo kwanu."

Ndinatembenuka, ndipo ulendo uno kumbuyo kunali chinthu. Batani lake ndi chitseko cha minibasi, chija chokoka, chadzimbiri, chokana kutsekeka. Ndinakoka, chabwerera. Ndinakokanso, chabwerera. Mawu aja ali pakhutu panga, "Kwezani pang'ono, mayi a nyumba, kenako mukankhe. Eya. Pomwepo." Ine ndikuti, "Khalani chete inu, mukanapita kuchipatala bwenzi ndikuvutika chonchi? Sindinakukhululukireni ayi, ndikungofuna mukhalepo ndizikukalipirani!" Iwo kuseka. Ndinakweza, ndinakankha ndi phewa, ndi chiuno, ndi ukali wonse wa miyezi yonseyi, chitseko chikuti gwe, gwe, gwe.

Mwadzidzidzi ndinatsegula maso. Ndili pabedi, phewa ndatsamiza kukhoma, kunja kwayera kale, ndipo gwe gwe uja akumvekabe. Ndi kondakitala kumsewu, akumenya chitseko cha minibasi ndi dzanja.

"Limbe! Limbe! Mmodzi wa Limbe tinyamuke!"

Ndinakankha zenera, osasamba, osavala duku.

"Imani pomwepo! Mmodziyo ndine!"

Zotsalazo mwaziona nokha pa kiyosiki, ndipo kachitsulo ka D andimasulira a Kamowa ndi aka pa chitenjepa. A Nagama, ndati chotsani manja onyowawo pa amuna anga.